Chilombo cha kuthambo chatiunika m'maso: kuwala kwake kwayenda zaka 13 biliyoni

Akatswiri oona zakuthambo apeza chinthu chomwe chawasokonezera masamu awo. Chinthucho chili kutali zedi, moti kuwala kwake komwe makina awo akuona masiku ano kunanyamuka kumeneko zaka pafupifupi 13 biliyoni zapitazo. Malinga ndi kuwerengera kwa akatswiriwa, nthawi imeneyo dzuwa kunalibe, mwezi kunalibe, dziko tikupondali nalonso kunalibe.

Nkhaniyi inatuluka mu Disembala 2024 m'magazini ya asayansi ya Nature Astronomy. Amene anatsogolera gulu lofufuzalo ndi a Eduardo Bañados, mbadwa ya ku Chile, omwe amagwira ntchito ku Max Planck Institute for Astronomy mumzinda wa Heidelberg ku Germany.

Dzina la chinthuchi musayese kulitchula muli ndi chinangwa m'kamwa. Akuti ndi VLASS J041009.05−013919.88. Eni ake omwe anatopa nalo, amangoti J0410−0139. Manambalawo si zamatsenga ayi, ndi keyala chabe yosonyeza pomwe chinthucho chili kuthamboko, monga momwe nambala ya benchi imathandizira munthu kukupezani mumsika. Mtundu wa zinthu zoterezi amautcha blazar, ndipo pamene nkhaniyi inkatuluka, imeneyi ndiyo inali blazar yakutali kuposa ina iliyonse yomwe anthu anali ataipeza.

Nanga blazar n'chiyani? Tiyambire patali pang'ono, mupirire nane.

Usiku kukakhala kopanda mwezi, makamaka magetsi akazima, mumaona mzere woyera ngati utsi utadutsa pakati pa thambo. Umenewo ndi Mlalang'amba, mudzi wa nyenyezi mabiliyoni ambirimbiri, ndipo dzuwa lathuli ndi imodzi mwa nyenyezi za m'mudzimo. Milalang'amba yotere ilipo yosawerengeka. Pakatikati pa pafupifupi mlalang'amba waukulu uliwonse pamakhala chinthu chomwe azungu amati black hole, ife tingoti dzenje lakuda.

Si dzenje ngati lotayamo zinyalala kuseri kwa msika. Ndi katundu wochuluka kwambiri wopanikizidwa pamalo ochepa, mpaka mphamvu yake yokoka zinthu imafika poti chomwe chalowamo sichitulukanso, ngakhale kuwala kumene. Dzuwa lathuli ndi lolemera kuposa dziko lapansi maulendo 333,000. Mutalifinya lonselo mpaka likhale mpira wa makilomita 6 m'mimba mwake, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi ola limodzi ndi mphindi zingapo, lingasanduke dzenje lakuda. Tsono dzenje la J0410−0139 akuti likulemera ngati madzuwa pafupifupi 700 miliyoni. La mu Mlalang'amba wathu ndi kamwana: madzuwa 4 miliyoni basi, ndiponso n'lofatsa, silikudya zambiri.

Dzenje lakuda palokha siliwala. Chimawala ndi chakudya chake. Amayi ogulitsa mafuta ophikira akudziwa momwe mafuta amazungulirira m'fanelo asanatsikire m'botolo. Mpweya ndi fumbi zomwe zikugwera m'dzenje lakuda zimachitanso chimodzimodzi, zimayamba zazungulira kaye pakamwa pake pa liwiro loopsa. Pozungulirapo zimakhulana, zimatentha, zimayaka, mpaka kamalo kakang'onoko kamawala kuposa nyenyezi zonse za mu mlalang'amba wake kuziphatikiza pamodzi. Chinthu chowala chotero amachitcha quasar.

Koma ena mwa maenjewa sameza zonse. Mphamvu ya maginito yomwe imakhala mu mpweya wozungulirawo imapotana ngati chingwe, n'kumaponya tizidutswa tina kunja, mizere iwiri yopyapyala, wina uku wina uko, pa liwiro lotsala pang'ono kufanana ndi la kuwala. Azungu amati jet. Ife titi mikondo. Mikondo ina imatalika kupitirira mlalang'amba womwe yachokerawo. Mkondo woyamba kuonedwa anauona a Heber Curtis ku America m'chaka cha 1918 mu mlalang'amba wa M87, koma nthawi imeneyo panalibe wodziwa kuti n'chiyani. Ndi M87 yemweyo amene dzenje lake linajambulidwa chithunzi chomwe chinatuluka mu Epulo 2019, chija chooneka ngati donasi wamoto.

Tsopano mvetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mlonda wa pamsika akamayenda ndi tochi usiku, inu muli chapatali m'mbali mwake, mumangoona kakuwala kakuyenda pansi. Koma atembenuke akulozeni nayo kumaso, simuonanso china chilichonse, ngakhale mlondayo simumuona. Tochi ndi yomweyo, mabatire ndi omwewo, chasintha ndi komwe yaloza. Blazar ndi quasar yomwe mkondo wake waloza kuno kwathu, m'maso mwenimweni.

Ndipo pali china choposa za tochi. Popeza tizidutswa ta mu mkondomo tikuthamangira kwa ife pa liwiro pafupifupi la kuwala, kuwala kwake kumaunjikana kutsogolo, n'kumaoneka kwamphamvu maulendo ambirimbiri kuposa momwe kulili. Zochitika zake zimaonekanso zofulumira. Blazar imatha kuwala kwambiri lero, mawa n'kuzilala, mkuja n'kuyakanso. Ku Namibia kuli makina otchedwa H.E.S.S. omwe mu Julayi 2006 anaona blazar ina, PKS 2155−304, ikusintha kuwala kwake m'mphindi zowerengeka chabe. Nthawi zina tizigawo ta mkondowo timaoneka ngati tikuthamanga kuposa kuwala kumene, zomwe sizitheka. N'chinyengo cha maso chabe, ndipo a Martin Rees a ku Britain anali ataneneratu m'chaka cha 1966 kuti zoterezi zidzaoneka.

Nyenyezi yabodza

Mablazar anapusitsa akatswiri kwa zaka pafupifupi makumi anayi. M'chaka cha 1929 a Cuno Hoffmeister a ku Germany anaona kadontho kena kowala kakusinthasintha. Iwo anati iyi ndi nyenyezi wamba ya mu Mlalang'amba wathu womwewu, mwa zija zimaphethiraphethira, ndipo inalembedwa m'kaundula wa nyenyezi ndi dzina loti BL Lacertae. Nkhani inathera pomwepo.

Mu 1968 a John Schmitt, ali ku Canada, anapeza kuti "nyenyezi" ija ikutulutsa mafunde a wailesi amphamvu, zomwe nyenyezi wamba sizichita. Mu 1974 a Oke ndi a Gunn anayeza mtunda wake n'kupeza kuti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 900 miliyoni kuti kufike kuno. Si nyenyezi n'komwe, ndi mtima wa mlalang'amba wina wakutali. Mawu oti blazar anawapeka ndi a Edward Spiegel mu 1978 polumikiza dzina la BL Lacertae ndi mawu aja oti quasar.

Kuyambira pamenepo mablazar apezeka masauzande. Ina mwa iwo, TXS 0506+056, inatchuka pamene makina a IceCube, omwe anakwiriridwa m'madzi oundana ku South Pole, anagwira kanthu kakang'ono kotchedwa neutrino pa 22 Seputembala 2017 kochokera mbali yomwe kuli blazar imeneyo. Koma mablazar a kutali kwenikweni, a nthawi yomwe chilengedwe chinali chakhanda, ndi osowa ngati mazira a nkhanga m'chilimwe.

Mu Marichi 2020, dziko la Italy lili pa mpanipani wa Covid-19, kunamveka kuti mtsikana wina wophunzira pa University of Insubria, a Silvia Belladitta, pamodzi ndi anzawo apeza blazar yotchedwa PSO J0309+27 pogwiritsa ntchito makina a Large Binocular Telescope a ku Arizona. Kuwala kwake kunanyamuka chilengedwe chisanakwanitse zaka biliyoni imodzi, ndipo dzenje lake ndi la madzuwa pafupifupi biliyoni imodzi. Imeneyo inakhala pampando zaka zinayi ndi miyezi. Chosangalatsa n'chakuti a Belladitta omwewo analinso m'gulu la a Bañados lomwe linadzaichotsa pampandopo.

Anaipeza bwanji?

Apa ndi pomwe pali nzeru, abale. Thambo ndi lalikulu, timadontho towala ndi mabiliyoni. Sungaloze makina odula pa kadontho kalikonse. Umayamba wapeta kaye ngati mpunga.

Chilengedwe chikufutukuka, ndipo kuwala kukamayenda ulendo wautali kumakokedwa n'kutalika. Tengani lastiki, mulembepo mizere yoyandikana, kenaka muikoke: mizere ija italikirana. Kuwala kwa J0410−0139 kwakokedwa maulendo 8 pa ulendo wake. Kuwala kokokedwa chonchi kumachoka pa mtundu womwe maso a munthu amaona n'kulowa m'gulu lomwe amati infrared, longa lija limachokera pa rimoti ya wailesi yakanema, lomwe inu simuliona koma makina amaliona.

Ndiye a Bañados ndi anzawo anati tifune zinthu zomwe pa zithunzi za kuwala wamba sizikuoneka, koma pa mafunde a wailesi zikulira mokweza. Za wailesizo anazitenga m'kalembera wa thambo wotchedwa VLASS, yemwe amachitika ndi makina a Very Large Array ku New Mexico, m'dziko la America. Makinawa ndi madishi 27, lililonse mamita 25 kukula kwake, ndipo dzina la kalemberayu ndi lomwe lili kumayambiriro kwa dzina lalitali lija. Atapeta anatsala ndi zinthu 20. Mwa 20 zimenezo, chimodzi chokha ndicho chinkasinthasintha mphamvu yake pa wailesi, khalidwe lija la mablazar.

Kukayikira kokha sikukwana kumanga munthu, pamafunika mboni. Anthuwa anasonkhanitsa mboni zambiri ndithu. Ku Chile anagwiritsa ntchito New Technology Telescope, Very Large Telescope, Magellan ndi ALMA. Ku Arizona anabwerera ku Large Binocular Telescope. Ku France kuli NOEMA. M'mlengalenga muli makina awiri, Chandra a dziko la America ndi XMM-Newton a mayiko a ku Ulaya, omwe amaona kuwala kwa X-ray, mtundu womwe uja amajambulira mafupa kuchipatala. Zonsezi zinagwirizana: mtunda ndi umenewo, ndipo mphamvu ya X-ray ndi ya wailesi ikufanana ndi ya chinthu chomwe mkondo wake waloza kuno.

A Bañados si achilendo pa ntchito yosaka zakutaliyi. Mu 2017 anatsogoleranso gulu lomwe linapeza quasar ya ULAS J1342+0928, yomwe panthawiyo inali yakutali kuposa zonse.

Za mtundawo tinenepo pang'ono, ngakhale mutu ukana. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti kungazungulire dziko lapansi kasanu n'kawiri inu musanamalize kunena kuti "takulandirani". Kuchoka kumwezi kumatenga sekondi imodzi ndi pang'ono. Kuchoka kudzuwa, mphindi 8. Kuchoka ku nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri, zaka zinayi ndi miyezi. Tsono uku kwayenda zaka pafupifupi 13 biliyoni osapuma. Dziko lathu akuti lili ndi zaka 4.5 biliyoni, ndiye kuti pamene linkapangika, kuwalaku n'kuti kutayenda kale pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ulendo wake.

Walemera liti ameneyu?

Tafika pomwe pavuta. Tiyerekeze kuti mnyamata wabwera mumsika Lolemba ndi kabeseni ka tomato. Pofika Lachisanu ali ndi golosale, malole atatu ndi nyumba ya mpanda. Inu munganene chiyani? Ena ati wakhwimira, ena ati waba, ofatsa ati mwina anabwera ndi mpamba waukulu womwe sitinauone. Koma palibe angavomere kuti ndi tomato yekha.

Akatswiri ali pa funso lomwelo. Iwo amati chilengedwe chili ndi zaka 13.8 biliyoni. Chithunzi cha J0410−0139 chomwe tikuonachi ndi cha nthawi yomwe chilengedwe chinali chisanakwanitse zaka 800 miliyoni. Kwa ife ndi zaka zambiri, koma kwa dzenje lakuda ndi Lolemba mpaka Lachisanu.

Chifukwa chake n'chakuti dzenje lakuda lili ndi malire a kadyedwe. Likamadya kwambiri, chakudya chija chimatentha kwambiri n'kuwala kwambiri, ndipo kuwalako kumakankhira kunja mpweya wina womwe umati ulowe. Likapitirira muyeso limadzithamangitsira lokha chakudya. Malire amenewa amatchedwa ndi dzina la a Arthur Eddington, katswiri wa ku England. Dzenje lomwe likudya pa malire penipeni, osaphonya tsiku, limatenga zaka pakati pa 30 ndi 35 miliyoni kuti kulemera kwake kuwirikize kawiri.

Inu a geni masamu awa muwamva msanga. Yambani ndi K100. Iwirikize kawiri ikhale K200, kenaka K400, kenaka K800, choncho. Kuti mudutse K700 miliyoni pafunika kuwirikiza maulendo 23. Dzenje lakuda lobadwa pa imfa ya nyenyezi yaikulu ya makedzana lingayambe ndi kulemera kwa madzuwa mwina 100. Maulendo 23, ulendo uliwonse zaka 30 miliyoni ndi kanthu, zikukwana zaka zoposa 700 miliyoni. Komatu nyenyezi zoyamba sizinabadwe tsiku loyamba, zinadikira zaka 100 kapena 200 miliyoni. Nthawi yaperewera. Ndiponso tayerekeza kuti chilombocho sichinagonepo ndi njala ngakhale kamodzi, zomwe n'zokayikitsa.

Mayankho omwe akatswiri akukambirana alipo angapo. Ena akuti maenje ena anabadwa ali akuluakulu kale, mtambo wonse wa mpweya unangogwa pamodzi osayamba wakhala nyenyezi, n'kupanga dzenje la madzuwa masauzande ambirimbiri tsiku lomwelo. Awa ndi aja a mpamba waukulu. Ena akuti maenje ankaphatikizana. Ena akuti pali njira yodyera kupyola malire a Eddington, ndipo apa ndi pomwe blazar yathuyi yalowerera nkhani.

Ganizirani khitchini yopanda zenera. Mukasonkhezera nkhuni zambiri, utsi ukutulutsani nokha, kuphika kuima. Koma mukaboola potulukira utsi pamwamba, mutha kusonkhezera momwe mungafunire. Ganizo la gulu la a Bañados ndi lotere: mkondo uja ndi potulukira. Maginito amatenga gawo la mphamvu yomwe ikanasanduka kutentha ndi kuwala pakamwa pa dzenje n'kuiponya kutali kudzera mu mkondo. Zikatero chokankha chakudya chimachepa, ndipo dzenje litha kumeza mofulumira kuposa mnzake wopanda mkondo.

Wina afunsa kuti, chinthu chimodzi chokha n'kusinthira nacho masamu onse? Funso labwino. Koma kumbukirani mlonda uja. Tochi zomwe zili mumsika usiku zimaloza mbali zosiyanasiyana, ndipo mwayi woti ina ikulozeni inuyo kumaso ndi wochepa. Mukaona kuti imodzi yakulozani, dziwani kuti mumsikamo muli tochi zambiri. Mkondo wa blazar ndi wopyapyala kuposa kuwala kwa tochi, choncho akatswiri amawerengera kuti pa blazar imodzi yomwe taiona, pamakhala anzake mwina mazana omwe mikondo yawo yaloza kwina. Ngati zili choncho, ndiye kuti nthawi yakale ija kunali maenje akuda ambiri a mikondo, okula mothamanga, kuposa momwe kalembera wa akatswiri akusonyezera. Funso likhala loti ali kuti anzakewo. Mwina abisika m'fumbi, mwina makina athu sanafike poona ofooka.

Ine pamenepa ndikuti tisathamange. Wogula chimanga amabaya thumba n'kutapa dzanja lodzaza, saweruza thumba lonse ndi njere imodzi. Njere ziwiri zomwe zili m'manja, ya 2020 ndi ya 2024, zikuloza mbali imodzi, koma ziwiri ndi ziwiri basi. Zitha kuchitika kuti anthuwa anangochita mwayi woposa muyeso. Chomwe chikuwalimbitsa mtima n'chakuti makina a James Webb, omwe anaponyedwa m'mlengalenga pa Khirisimasi ya 2021, nawonso akhala akupeza maenje akuda ambiri a nthawi yakale yomweyo, ena olemera mosayenerana ndi milalang'amba yawo.

Dzanja lodzaza lija mwina lidzachokera kuno ku Africa. M'chipululu cha Karoo ku South Africa muli kale madishi 64 a MeerKAT, ndipo mu Disembala 2022 anayamba kumanga makina aakulu a wailesi otchedwa SKA, mbali ina ku Karoo komweko, ina ku Australia. Anansi athu a Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko asanu ndi atatu a mu Africa omwe anagwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi. Makina oterewa ndi omwe angamve kulira kwa mikondo yofooka, ija yaloza kumbali.

Kodi sichitiwotcha chimenechi, poti chatiloza? Gonani tulo, amayi. Mtundawo ndi waukulu moti mphamvu yomwe imafika kuno ndi yochepetsetsa, mpaka pamafunika madishi akuluakulu ngati aja kuti aimve. Ndiponso zomwe tikuonazi ndi zakale. Mwina chilombocho chinakhuta kalekale n'kuzimitsa tochi yake, uthenga wake sunafike chabe.

Ndi maso simungachione, ngakhale mutabwereka magalasi a ndani. Koma malo ake mutha kuwadziwa. Mu Disembala, cha m'ma 7 koloko madzulo mukamalongedza katundu, yang'anani kum'mawa. Muona nyenyezi zitatu zija zondondozana, Akamwiniatsatana, zitangotuluka kumene. Wongolani mkono, tambasulani zala, muyeze chikhatho chimodzi kuchoka pa nyenyezi yapakatiyo kukwera m'mwamba. Pamenepo, m'dera lomwe akatswiri amalitcha Eridanus, ndi pomwe pali J0410−0139. Imatuluka pafupifupi ola limodzi ndi theka Akamwiniatsatana asanatuluke, pamalo omwewo a kum'mawa.